Mtsinje wathu ukununkha Jik

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu nditulutse zakukhosi. Ndili ndi dimba kumunsi kwa madamu a suweji a tauni yathu, pafupi ndi pomwe paipi imakhuthulira madzi mumtsinje. Chichokereni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, uja unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, pamalopa pamanunkha Jik. Masiku ena fungolo limachita kuluma m'maso ukawerama kuti utunge ndi keni. Mwezi watha ndinapeza matemba ali chagada m'bango, ana akulimbirana kuwatola kuti akawotche. Ambululu amene ankachita kudetsa m'mphepete mwa madzi sindikuwaonanso.

Nditafunsa mnyamata wina wogwira ntchito kumeneko, anandiyankha mwaulemu ndithu kuti ndisade nkhawa, masiku ano akuthira klorini wambiri. Iye ankati akunditonthoza. Ine, amene ndinadya choko zaka zambiri ndikuphunzitsa sayansi kusekondale, mtima unangoti myuu.

Madamu aja anadzaza matope kalekale. Madzi amatulukamo akadali obiriwira, athovu, zonyansa zisanakhazikike pansi. Tsono klorini sasankha. Akagwera m'madzi otere samangopha tizilombo ayi, amagwirananso ndi zowola zonse zimene wapezamo n'kupanga mankhwala ena amene munalibe. Nkhaniyi si yachilendo. Mu 1974 katswiri wa zamadzi Johannes Rook wa ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, anapeza chloroform ndi abale ake, amene amatchedwa trihalomethanes, m'madzi akumwa othiridwa klorini. Amenewotu anali madzi a mumtsinje osefedwa kale. Nanga a suweji? Ku America anaika malire mu 1979, ndipo lero salola kuti mankhwalawa apose mamaikrogiramu 80 pa lita imodzi ya madzi akumwa, chifukwa kafukufuku amawalumikiza ndi khansa ya chikhodzodzo mwa anthu amene awamwa zaka zambiri. Choipa china n'chakuti amauluka ngati nthunzi ndipo amalowanso pakhungu. Mayi wochapa pamwala tsiku lonse sachita kufunika kumwa madziwo kuti awalandire.

Suweji ili ndi vuto lakelake. Mkodzo umasanduka amoniya, ndipo amoniya akakumana ndi klorini pamabadwa chloramine, amene amakhalitsa m'madzi n'kumawotcha makha a nsomba. Ndikukhulupirira kuti matemba aja anafa ndi zimenezi. Chloramine yemweyo akapeza zinthu zina za m'suweji amabala NDMA, poizoni amene mabungwe a zaumoyo amamuika m'gulu la zinthu zoganiziridwa kuti zimayambitsa khansa, ndipo ndi woopsa ngakhale atachepa chotani. M'chaka cha 2000, ku Orange County, California, anatseka zitsime ziwiri za madzi akumwa atapezamo NDMA wochokera m'madzi a suweji oyeretsedwa amene ankawalowetsa pansi pa nthaka. Ngati anzathu a makina apamwamba zinawaonekera, kuli bwanji ife amene timathira mongoyerekeza ndi maso?

Pasakhale wondimva molakwa. Sindikunena kuti amayi asiye kuthira WaterGuard mumtsuko. Kolera amapha munthu dzuwa lisanalowe, ndipo madzi a pachitsime sangafanane ndi a suweji. Mdzukulu wanga sindimulola kumwa madzi osathira mankhwala. Dandaulo langa lili pa anthu amene asandutsa klorini chophimbira ulesi, ngati munthu wodzola mafuta onunkhira asanasambe.

Njira zake akuzidziwa bwino, anapita kusukulu kuposa ine. Akumbe matope m'madamumo kuti madzi azikhalamo masiku okwanira, dzuwa ndi tizilombo tabwino zigwire ntchito yake. Zowola zikachepa, klorini wofunika amachepanso, poizoni nayenso n'kuchepa. Kwina amachotsa klorini wotsala ndi sodium bisulfite madzi asanafike kumtsinje, kwina amagwiritsa ntchito nyali za UV. Za nyalizo sindiumirira, magetsi athu tikuwadziwa tonse. Koma kukumba matope sikulira magetsi.

Misonkho ya khonsolo timakhoma, ndipo masamba a m'madimba athu, mpiru, repu ndi tchainizi, ndi omwewo amene mabwana a khonsoloyo amagula pamsika Loweruka. Ndikupempha kuti atumize munthu adzatunge madzi pakamwa pa paipi paja, akawayeze, ndipo zotsatira zake azikhome pa ofesi ya khansala kuti aliyense awerenge. Akabwera andipeza padimba lachitatu kuchokera pamlatho, botolo lotungiramo ndiwasungira.

Mphunzitsi wopuma,
Kumadimba