Fupa Likadwala, X-ray Imachedwa Kuona

Mwana wa ku Edingeni kapena ku Jenda akayamba kutsimphina thupi lili moto, makolo amathamangira kuganiza za malungo. Mwendo ukatupa, ena amapita naye kwa sing'anga kukatemera mphini. Koma kaŵirikaŵiri wolakwa ndi kachirombo kotchedwa Staphylococcus aureus, kamene kamayenda ndi magazi nkukakhazikika kumapeto kwa fupa limene likukula, makamaka pafupi ndi bondo.

Makolo otere akafika pa chipatala cha boma ku Mzimba, kaya cha mishoni ku Embangweni, pempho lawo limakhala limodzi: mwanayo ajambulidwe pa X-ray. Chikhulupiriro chimenechi nchomveka, koma chili ndi malire. Kuŵala kumene Wilhelm Röntgen anatulukira mu 1895 kumaonetsa nthendayi pokhapokha fupa litadyeka kale, ndipo kuti lifike pamenepo pamapita masiku 10 mpaka 14. Chithunzi cha sabata loyamba chimatuluka chopanda banga. Bambo amene adalira chithunzicho, osamvera dokotala wonena kuti mwana agonekedwe, amabwerera kumudzi mtima uli m'malo, chikhalirecho mafinya akuunjikana pansi pa kachikopa kokuta fupa. Mafinyawo akatsekereza magazi, chigawo cha fupa chimafa, ndipo mwana amatsala ndi chilonda chotuluka mafinya zaka ndi zaka. Chimene jakisoni akadachiritsa chimafuna opaleshoni, mwina ku Mzuzu, mwinanso ku chipatala cha Beit CURE chimene chinatsekulidwa ku Blantyre mu 2002.

Makina a MRI amaona nthendayi m'masiku oyambirira. Oyamba m'Malaŵi anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth mu 2008, koma kwa mlimi wa ku Mabulabo imeneyo ndi nkhani ya kutali.

Chithandizo chapafupi chilipo. Makina a sikani, omwe aja amaunikira amayi apakati, amatha kuonetsa mafinya obisala pambali pa fupa kapena m'kati mwa mnofu wa ntchafu, X-ray isanaone kanthu. Amalozanso poyenera kubaya singano kuti mafinyawo akayezedwe, mankhwala oyenera adziŵike. Kodi nchifukwa ninji makina otere aziŵerengedwa ngati a kuchikuta kokha?

Kuyambira mu 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa madokotala othandizira a za mafupa, ndipo ndiwo amasenza ntchitoyi m'zipatala za m'maboma. Nkoyenera kuti luso la sikani likhale gawo lokhazikika la maphunziro awo, ndi kuti makinawo azifika ku wodi ya ana tsiku lomwelo limene mwana wotupa mwendo wagonekedwa.