Tsitsani phokoso, makutu a anthu akuvulala

M'makwalala mwathu muli anthu amene kugundana kwa mbale, hutala ya minibasi ngakhale kulira kwa khanda kumawabaya m'khutu mpaka kugwetsa misozi. Madokotala amalitcha vutoli hyperacusis. Kawirikawiri limayenda limodzi ndi kulira kwa m'makutu kosalekeza, ndipo ambiri limawayamba atakhalitsa paphokoso lalikulu. Munthu wotere amaleka kupita kumsika, kutchalitchi ngakhale kumaliro a m'bale wake. Akapempha kuti wailesi itsitsidwe, timamunena kuti ndi wamatama, wosafuna anzake asangalale. Nyuzipepala ino ikuti imeneyi ndi nkhanza, ndipo ithe.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidachenjeza kale kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chogontha chifukwa cha phokoso la nyimbo ndi malo azisangalalo. Akatswiri amati paphokoso la madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu asapitirire maola 8 patsiku. Likafika pa 100, mphindi 15 zokha zakwana. Mkati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tosalimba timene timatumiza mawu ku ubongo. Timeneti tikafa, tafa basi. Palibe mankhwala otidzutsa.

Tsono tikufunsa eni mabala amene amakhoma masipika moyang'ana nyumba za anthu mpaka mbandakucha: chilolezo chanu n'chogulitsira mowa kapena chozunzira apafupi? Tikufunsanso atsogoleri a mipingo amene mapemphero a usiku wonse amawachita ndi zokuzira mawu pakati pa midadada: mukupempherera odwala ena kwinaku mukudwalitsa ena, chikondi chake n'chiti? Eni zigayo ndi malo owotcherera zitsulo, anyamata anu amatandala tsiku lonse pamakina opanda chotsekera m'makutu. Akadzayamba kufunsa "mwati chiyani?" asanafike n'komwe zaka 40, mudzawalipira chiyani?

Makhonsolo ndiwo atikhumudwitsa koposa. Ndiwo amapereka ziphaso za malo omwera mowa ndi azisangalalo, ndipo ndalama za ziphasozo salephera kutolera. Koma anthu akadandaula za phokoso, nkhani imathera m'mafayilo. Amene ali ndi mphamvu yopereka chiphaso ali nayonso yochilanda. Aigwiritse ntchito.

Nawo mabanja asadziyeretse. Mwana akamatuluka mafinya m'khutu, makolo ena amangomuthira mafuta ophikira kapena madzi a masamba, ena kumutokosa ndi nthenga ya nkhuku kapena kamtengo ka machesi. Kumeneko n'kuboola mwinikhutu. Khutu likamapweteka, likamalira kapena likamatuluka mafinya, pitani kuchipatala msanga. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic koyeza kamvedwe. Mankhwala ena amphamvu, monga kwinini ndi gentamicin, amathanso kuvulaza khutu. Amene wayamba kumva kulira m'makutu ali pamankhwala otere auze dokotala tsiku lomwelo.

Odwala hyperacusis nawonso adziwe kuti kutseka makutu tsiku lonse si njira, chifukwa khutu lozolowera bata limayamba kumva ululu ngakhale ndi mawu ochepa. Zotsekera zikhale za pamalo aphokoso lenileni. Chimene akusowa ndi uphungu wa akatswiri komanso abale omvetsa. Boma lifikitse chithandizo chimenechi m'zipatala za m'maboma, kuti wa ku Chitipa kapena ku Nsanje asamagulitse mbuzi kuti apeze thiransipoti yokayezetsa khutu.

Pa 3 Marichi chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira tsiku la kumva. Ife sitikufuna maulendo a ndawala ndi malankhulidwe okoma. Tikufuna maola otsekera masipika alengezedwe ndi kutsatidwa, olemba ntchito m'zigayo agulire antchito awo zotetezera makutu, ndipo bala limene lachenjezedwa n'kupitirizabe lilandidwe chiphaso.