MWANA AKASOŴA, DZUŴA LISALOŴE APOLISI ASANAMVE

Pa zovuta zonse zimene zingagwere banja, palibe yoŵaŵa kuposa kusoŵa kwa mwana. Mayi amene mwana wake sanabwerere kuchokera kusukulu, kudimba kapena kumsika sadya, sagona. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'midzi yambiri kwa Njewa, ku Mpingu, ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, makolo amatha tsiku limodzi kapena aŵiri akufunsa kwa achibale, ena akuombeza kwa asing'anga, asanakanene kupolisi. Mchitidwe umenewu uyenera kutha.

Taganizani za kumene dera lino lili. Msewu waukulu wochokera mumzinda wa Lilongwe umadutsa pa Njewa ndi pa Namitete kupita ku Mchinji, kumalire a dziko lathu ndi Zambia. Mtunda wonsewo ndi makilomita oposa 100 pang'ono, ndipo minibasi imaumaliza m'maola oŵerengeka. Mwana amene wanyengedwa m'maŵa kuti akapatsidwa ntchito yoŵeta ng'ombe kapena yosoka fodya, pofika madzulo angathe kukhala ali kunja kwa Malaŵi. Kholo likadikira kuti kuche, limapereka usiku wonse kwa wakubayo.

Sitinaiŵalenso zimene zidayamba kugwera abale athu achialubino kuchokera m'chaka cha 2014. Mu April 2016 ku Kasungu, mwana wosakwana zaka ziŵiri adabedwa usiku ali m'tulo pafupi ndi mayi ake, ndipo patapita masiku adapezeka ataphedwa. Nkhani imeneyi itiphunzitse kuti mwana akasoŵa, ola lililonse n'lamtengo wapatali.

Malamulo otetezera ana alipo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka mphamvu kwa wapolisi, wogwira ntchito yosamalira anthu, mfumu, ngakhale munthu wamba, kutenga mwana amene ali pangozi ndi kumuika pamalo otetezeka, ndipo mwanayo akaonekere kubwalo la milandu ya ana pasanathe maola 48. Lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu likuti wozembetsa mwana angathe kukhala m'ndende zaka 21. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idakonza malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Pamwamba pa izi, kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa, m'midzi muli makomiti a chitetezo cha m'mudzi, ndiponso pali nambala yaulere ya 116 imene aliyense angaimbe pa nkhani za ana. Koma lamulo limene lili m'buku silingayende lokha kukafuna mwana. Limayenda ndi miyendo ya anthu.

Kwa makolo tikuti: kanenani tsiku lomwelo. Uzani anyakwaŵa ndi a chitetezo cha m'mudzi, ndipo pamene ena akufufuza m'zitsime, m'madambo ndi kwa achibale, wina athamangire kupolisi. Nenani dzina la mwana, zaka zake, zovala zimene anavala, zipsera zimene ali nazo ndi munthu amene anamuona komaliza. Ngati muli ndi chithunzi kapena kalata ya kubadwa, tengani. Kukanena kupolisi sikulipiritsidwa. Mwana akapezeka pa ola lachiŵiri ali kwa azakhali ake, palibe manyazi. Bwererani mukawauze apolisiwo kuti atseke nkhani.

Kwa apolisi athu tikuti: kholo limene lafika pakhomo panu lisabwezedwe ndi mawu akuti mwanayo abwera yekha. Nkhani ilembedwe m'buku nthaŵi yomweyo, uthenga upite kwa anzanu amene ali pamisewu, m'madepoti, m'zipatala ndi kumalire. Tikudziŵa kuti malo ambiri a polisi akumidzi amavutika ndi mayendedwe, makamaka nthaŵi ya dzinja pamene misewu yafumbi imasanduka matope. N'chifukwa chake akuluakulu ogaŵa chuma cha Boma ayenera kukumbukira kuti njinga yamoto ndi mafuta ake pa polisi yakumudzi zingapulumutse moyo.

Ntchito siithera pa kupeza mwana. Ena amabedwa, koma ena amathaŵa okha chifukwa cha nkhanza, njala kapena ukwati wokakamizidwa. Kubwezera mwana wotere m'manja mwa amene ankamuzunza ndiko kumutayanso kachiŵiri. Apolisi ndi a ofesi yosamalira anthu ayambe amva mawu a mwanayo payekha, kenaka aone ngati kwawo kuli koyenera.

Tichenjezenso za mkwiyo wa gulu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu m'chigawo cha kummwera popanda mlandu kuzengedwa. Mlendo aliyense si wakuba ana. Ndipo ngati woganiziridwayo alidi wolakwa, kumupha ndiko kukwirira njira yokha yodziŵira kumene mwana ali. Mgwireni, mumpereke kupolisi ali wamoyo.

Inu atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, ndinu amene mumakumana ndi anthu tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi wamkulu aitane maina m'maŵa uliwonse ndi kufunsa za mwana amene wajomba. Mlangizi alimbikitse amayi kulembetsa ana awo akabadwa. Wapampando aike nkhaniyi pa msonkhano wake, anthu adziŵe kokanena ndi choti akanene. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikamva mfuu ya mayi wosoŵa mwana, tisafunse kuti ngwa chipani chiti kapena mpingo uti. Tidzuke tonse, dzuŵa lisanaloŵe.