Vaneti Ikakana Kulila, Pimani Musanagule

Vaneti ya dizilo lelo yalila bwinobwino, mailo m'mawa yakana, masana yalilanso monga palibe cinacitika. Mukafika nayo ku galaji, yalila na kiyi imodzi cabe. Ndiye mumamva mau aja: "Ba boss, ni battery." Mwagula batili. Papita masiku atatu: "Ni starter." Mwagula. Sabata yotsatila: "Pump ifunika kucotsa." Anzanga, uku si kukonza motoka. Uku ndi kuombeza, ndipo wolipila woombezayo ndinu.

Kwa acinyamata ambili m'tauni, vaneti si ya matama. Ndiyo imanyamula matimati kupita ku Soweto Market, mabuloko, simenti na katundu wa osamuka. Ikaima tsiku limodzi, kasitoma wapita kwa wina, koma mwini motoka afunabe ndalama yake madzulo. Ndiye cifukwa ciani tilola kuti cinthu cotidyetsa cizikonzedwa mwa kulotela?

Vuto lobwela na kupita lili na nthawi yake, ndipo nthawiyo ndiyo imaliulula. Funso loyamba ndi ili: ikakana, injini imazungulila kapena iyai?

Ngati mupotokola kiyi nkumva cabe "tha", kapena zii, musakhudze za mafuta. Vuto lili ku malaiti. Yang'anani mitu ya batili ngati ili na ufa woyela uja kapena igwedela. Yang'anani nthambo ya earth yocoka ku batili kupita ku bodi na ku injini. Tengani multimeter: batili yodzala imaonetsa pafupifupi 12.6 volts, poliza injini siyenela kutsika kwambili pansi pa 10, ndipo injini ikalila iyenela kuonetsa pafupifupi 14. Ngati manambala ali conco, batili na alternator zilibe mlandu. Kwatsala relay, switch ya kiyi, na tumkuwa twa mu solenoid ya starter tumene tumadyeka na nthawi. Tumkuwa utu tumasinthidwa patokha. Nanga mugulilanji starter yonse?

Ngati injini izungulila mwamphamvu koma siigwila, kumbukilani kuti injini ya dizilo ilibe ma spark plug. Imapana mpweya mpaka utenthe, ndiye mafuta akafailidwa amayaka okha. Cotelo ifunika kutentha, na mafuta opanda mpweya m'mapaipi.

Ikavuta m'mawa cabe, makamaka mu June na July kukazizila, nkumatulutsa utsi woyela, kaikilani ma heater plug na relay yake. Pulagi iliyonse ingapimidwe payokha. Ikavuta pambuyo pogona usiku wonse kapena masiku angapo, ngakhale kunja kotentha, mwina mafuta abwelela ku thanki cifukwa mpweya uloŵa pa paipi yong'aluka kapena pa labala ya filter. Kupima kwake kulibe mtengo. Pa ma vaneti ambili pali kapampu ka dzanja pamwamba pa filter. Pompani mpaka kalimbe, ndiye lizani. Ikalila pamenepo, mbala mwaigwila. Kapaipi koonekela mkati kadzakuonetsani thovu na maso anu. Cotsaninso madzi pansi pa filter, makamaka ngati mumathila mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa mseu.

Ikavuta injini ikatentha, mwacitsanzo mwaima pang'ono kutsitsa katundu, iyo nkukana mpaka izizile, nkhani yasintha. Pa injini zakale, yambani na kawaya kopita ku stop solenoid ya pampu, cifukwa kakagwedela mafuta amatsekeka. Pa injini zatsopano za common rail, sensor ya crankshaft imatha kufa ikatentha, ndipo ma injector akutha amabweza mafuta ambili mpaka mphamvu yolizila icepa. Apa pafunika makina oŵelenga kompyuta ya motoka. Ndipo ngati kalaiti ka kiyi kaphethila pa dashboard, yesani kiyi inzake musanamasule bauti ngakhale imodzi.

Onani bwino: pafupifupi zonsezi zimadziŵika musanagule kanthu.

Wina adzati, "Makanika wathu ali na zaka zambili pa nchito, amadziŵa na khutu." Zoona, alipo otelo, ndipo khutu lawo ndi cuma. Koma wodziŵa zenizeni saopa kupima, cifukwa mita imangomucitila umboni. Amene amakwiya mukamufunsa kuti wapima ciani, ameneyo aphunzilila nchito pa thumba lanu.

Koma tisaloze cala amakanika okha. Ife eni na oyendetsa ndife tinawaphunzitsa. Munthu akataya maola aŵili kufufuza nkupeza kuti vuto ndi waya womasuka, timakana kumulipila: "Wangomanga cabe kawaya." Akatigulitsa cinthu ca m'bokosi, timalipila mosanyinyilika. Tagula ulesi, tanyoza nzelu. Komanso timakonda njila zacidule. Kukankha motoka m'mawa uliwonse kumabisa vuto, sikulicotsa. Kufaila mankhwala olizila m'kamwa mwa injini imene ili na ma heater plug kungaphulitse moto nthawi isanakwane nkuononga ma piston. Kugwililila kiyi kwa miniti yathunthu kumaocha starter imene inalibe mlandu.

Cotelo sungani kabuku m'motoka. Ikakana, lembani: nthawi yanji, injini inali yozizila kapena yotentha, inazungulila kapena iyai, utsi unali wotani, thanki inali pati. Mungajambulenso kulila kwake pa foni. Pitani na umboni umenewo ku galaji. Lipilani nchito yofufuza mosawinya. Cinthu cikasinthidwa, pemphani cakale akupatseni m'manja. Ndipo musanatulutse ngwee iliyonse, funsani mwaulemu: "Ba makanika, mwapima ciani, ndipo mwapeza zingati?" Akulu anati safunsa anadya phula. Ife tadya lokwanila.