Breaker ikagwa musayikakamize, ikukuchenjezani

Magetsi akufika m'madera amene kale ankangowamva m'nkhani. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndizo zinkaunikira magetsi a ESCOM, koma chichokereni nthawiyo bungweli pamodzi ndi ndondomeko ya MAREP akhala akulumikiza nyumba, sukulu ndi zipatala zambiri. Ndi chitukuko ndithu, koma walira mvula walira matope. Zokamba za ambiri zimathera pa mtengo wa mayunitsi ndi kuthimathima kwa magetsi, pomwe kabokosi ka pakhoma kamene kamateteza banja lanu sikatchulidwa. Nyengo ya mvula, pamene madenga amadontha ndipo ana amalowa m'nyumba ali chinyowere, ndiyo nthawi yoti mukadziwe bwino.

Muli chiyani m'kabokosika?

Mukakatsegula muona main switch, yomwe imadula magetsi a nyumba yonse. Pambali pake pali mabreaker, iliyonse ndi chigawo chake: ina ya mababu, ina ya masoketi, ina ya kuka. Waya aliyense ali ndi mlingo wa magetsi womwe angathe kunyamula. Mukalumikiza hotipuleti, ketulo ndi ayironi pa soketi imodzi, waya amatentha, pulasitiki yomukuta imasungunuka, kenako moto umabuka. Breaker imagwa izi zisanachitike. Fyuzi ya m'pulagi ya mano atatu, yomwe sipitirira ma amp 13, imagwira ntchito yomweyo, koma iyo imapsa ndipo imafunika ina yatsopano ya mlingo womwewo.

Breaker imateteza waya, osati mwana

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mphamvu ya ma volt 230. Amp imodzi ili ndi ma milliamp 1,000. Ma milliamp 10 mpaka 20 okha akadutsa m'dzanja, minofu imakungika moti munthu amalephera kutaya wayayo. Akafika 50 mpaka 100 n'kudutsa pachifuwa, mtima umasokonezeka kagundidwe ndipo munthu atha kufa. Koma breaker yolembedwa 20 imadikira kuti magetsi apitirire ma milliamp 20,000. Choncho mwana atha kugwidwa ndi magetsi mpaka kumwalira breaker osagwa. Khungu lonyowa komanso kuponda pansi opanda nsapato zimachititsa kuti magetsi ambiri adutse m'thupi.

Chimene chimateteza munthu ndi earth leakage. Kachipangizoka kamayerekeza magetsi opita ndi obwerera. Ena akasochera, kaya kudzera m'madzi kapena m'thupi la munthu, n'kufika ma milliamp 30, kamadula magetsi sekondi isanathe. Mungakazindikire ndi batani lolembedwa T kapena Test. Lidinikizeni pa miyezi itatu iliyonse. Magetsi akapanda kuthima, kachipangizoko kafa. Ngati batanilo mulibe m'kabokosi kanu, funsani katswiri wa zamagetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA kuti akuikireni.

Ikagwa muchite chiyani?

Zulani zonse m'masoketi, kwezani breaker, kenako bwezerani zipangizo chimodzichimodzi. Chimene chaigwetsanso ndicho chili ndi vuto. Ikagwa popanda cholumikizidwa chilichonse, vuto lili m'mawaya, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katswiri. Musalole wina kuimanga, kuilambalala ndi waya kapena kuika ina ya nambala yokulirapo. Musaike msomali kapena kawaya m'malo mwa fyuzi. Kutero kuli ngati kubisa kutentha thupi kwa mwana m'malo mokamuyezetsa malungo. Magetsi akathima, zimitsani ayironi ndi kuka, chifukwa atha kuyaka inu mutagona kapena mutachoka.

Munthu akagwidwa ndi magetsi

Musamugwire, chifukwa nanunso mugwidwa. Thamangirani ku main switch. Ngati ili patali, pondani pouma ndipo mumulekanitse ndi wayayo pogwiritsa ntchito mtengo wouma kapena pulasitiki. Ngati sakuyankha ndipo sakupuma, dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pa mphindi, wina akufuna thandizo. Pamene papsa thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, magetsi mutazimitsa. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta. Pitani naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, chifukwa magetsi amawotcha mkati ndipo mtima utha kusokonezeka pambuyo pake.

Waya wa ESCOM akaduka ndi mphepo n'kugwa pansi, mtengo wouma suthandiza. Imani patali mamita osachepera 10, letsani ana ndi ziweto, ndipo dziwitsani a ESCOM msanga. Moto wa magetsi nawo musauthire madzi musanazimitse main switch.

Inu alangizi ndi mavolontiya a zaumoyo, mukamayendera mabanja mumafunsa za chimbudzi, neti ndi madzi akumwa. Pa nyumba ya magetsi onjezerani mafunso atatu: kodi aliyense, ngakhale mwana wa sukulu, akudziwa pali main switch? Kodi siyotchingidwa ndi kabati kapena matumba a chimanga? Nanga batani la Test adalidinikiza liti komaliza?