Wolakwa asapatsidwenso nthawi yomanga mpanda

Loweruka lapitali ndidakaonera mpira pabwalo la sukulu ina kuno kwa Kadewere, m'boma la Chiradzulu. Matimu awiri a m'midzi yoyandikana amalimbirana mbuzi. M'chigawo chachiwiri, wotchinga kumbuyo adakwatula mnyamata amene amathamangira ku golo. Woimbira adaliza wezulo. Timu yolakwayo ili mkati mokalipirana za amene aime pampanda, goloboyi nayenso ali pamtengo kulozaloza, wokwatulidwa uja adadzuka, kuukhazika mpira, n'kuuponya mu ukonde.

Fumbi lidakwera. Ochemerera adakhamukira m'bwalo, ndipo bambo wina adamuimirira woimbirayo pamaso. "Aphunzitsi, mwatibera inu! Ana athu anali asanakonzeke!" Masewero sadapitirire, mbuzi idabwerera kukhola.

Ine ndikuti chigoli chija chidali chabwinobwino. Malamulo a mpira, amene amasungidwa ndi bungwe la IFAB ndipo FAM imawatsata kuno kwathu, salamula womenya firikiki kudikira kuti anzake amange mpanda. Iwo akuti otsutsana naye atalikire mamita 9.15, koma iye akafuna kumenya msanga, ndi ufulu wake. Amadikira wezulo pokhapokha woimbira atamuuza kuti adikire, monga pamene akuwerenga mapazi a mpanda kapena akupereka kadi. Chifukwa chake n'chomveka. Amene adaimitsa masewero ndi wokwatula uja. Tikamupatsanso nthawi yoti aitane anzake abwerere kumbuyo, ndiye kuti kukwatula kwamupindulira, ndipo mawa adzakwatulanso.

Mkangano umenewu sudayambire ku Chiradzulu. Mu Disembala 2004, Thierry Henry wa Arsenal adafunsa woimbira Graham Poll ngati angamenye, adaloledwa, n'kugoletsa Petr Cech wa Chelsea akadali kukonza mpanda. Mu Febuluwale 2007, Ryan Giggs wa Manchester United adachita zomwezo kwa Lille, ndipo osewera a Lille adatsala pang'ono kunyanyala. Ndipo amene tidadzazana m'nyumba zoonetsa kanema pa 7 Meyi 2019 tikukumbukira kona ya Trent Alexander-Arnold imene idapeza Barcelona yonse itayang'ana kwina, Divock Origi n'kumwetsa chigoli chachinayi. Usiku umenewo tidaomba m'manja kuti mwanayo ndi wochangamuka. Nanga mwana wa kwathu akachita zomwezo, asanduka bwanji wakuba?

Komabe si paliponse pamene changu chimaloledwa, ndipo apa masewero a baseball, otchuka ku America, Japan ndi Cuba, ali ndi phunziro. Kumeneko munthu mmodzi amaponya kampira kolimba, wina n'kukamenya ndi chibonga, ena ali chire kuti athamange kuchoka pamalo ena oimapo kupita pena. Woponyayo akaponya womenya asanaime bwino ndi kuyang'ana kwa iye, walakwa. Ngati pali othamanga, aliyense amasunthidwa malo amodzi kutsogolo kwaulere. Ngakhale mu 2023, pamene ligi yaikulu ya ku America idaika wotchi yokakamiza woponya kuti asachedwe kupitirira masekondi 15, kapena 20 pakakhala othamanga, lamulo loletsa kudzidzimutsa womenya silidachotsedwe. Kampirako kamatha kuthamanga kuposa makilomita 150 pa ola, ndipo mu 1920 kadapha Ray Chapman katamugunda m'mutu. Womenyayo sadalakwire aliyense, ndipo chimene chili pachiswe ndi moyo wake.

Apa ndiye pagona kusiyana. Kupezerera munthu amene wagona pantchito yake ndi nzeru za masewero. Kupezerera munthu amene sangathe kudziteteza, kapena amene wamvera lamulo loti adikire, ndi nkhanza. Mpira wathu nawonso umadziwa zimenezi: penate simenyedwa wezulo isanalire, ndipo goloboyi akagwa chifukwa chovulala, masewero sayambanso kufikira atathandizidwa. Goloboyi wa Loweruka uja akadakhala kuti ali pansi akubuula, ndikadakhala woyamba kunena kuti chigolicho chifafanizidwe.

Chimene chidandiwawa n'chakuti ndewu yonseyo ikadapeweka ndi mawu ochepa chabe. Oimbira athu ambiri a m'midzi ndi anthu odzipereka: aphunzitsi, osewera akale, ena ongobwerekedwa wezulo tsiku lomwelo. Amagwira ntchito pabwalo lopanda mizere, pakati pa khamu limene lilibe chotchinga. Chida chawo chachikulu ndi kulankhula momveka. Masewero asanayambe, aitane makaputeni awiri ndi kuwauza kuti firikiki ikhoza kumenyedwa msanga. Akafuna kuti idikire, akweze wezulo m'mwamba aliyense aione, anene mokweza kuti "dikirani wezulo". Akangoyamba kukankhira mpanda kumbuyo, asalolenso womenya kufulumira, popeza iye mwini ndiye wachotsa maso a otchinga pampira.

Kwa a makomiti a mpira m'boma lino, komanso andale ndi amalonda amene amakhazikitsa zikho, pempho langa n'lakuti pandalama za mphotho patulanipo zochepa zophunzitsira oimbira, ngakhale kwa tsiku limodzi. Kwa makochi, phunzitsani ana kuti wezulo ikalira asatembenukire mpira msana n'kuyamba kukangana. Kwa ife ochemerera, chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe: lamulo limene latipweteka sabata ino ndi lomwelo lidzatipatse chigoli sabata yamawa.

Ndamva kuti matimu awiri aja agwirizana zobwereza masewerowo. Ndidzakhalapo, ndipo wezulo ya firikiki ikadzalira, maso anga adzakhala pa goloboyi, kuona ngati nthawi ino adzayang'ane mpira.