Kochi wabwino apite kwa ana

Flames ikangogonja, m'mawa mwake mafoni amachuluka pa wayilesi, ndipo aliyense amabwera ndi mankhwala amodzimodzi: kochi achotsedwe. M'minibasi nkhani imakhala yomweyo, pometera tsitsi yomweyo, pa Facebook ndiye osanena. Ndipo timawachotsadi. Chichokereni Kinnah Phiri mu 2013, pampando uja padutsa Tom Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny Van Geneugden, Meck Mwase, Mario Marinica, Patrick Mabedi, kudzafika kwa Kalisto Pasuwa, osawerengera ogwirizira. Ena ndi akonkuno, ena ochokera ku Belgium, Romania ndi Zimbabwe. Kodi anthu onsewa sadziwa mpira?

Ine ndikuti vuto lalikulu silili pampando umenewo. Kochi wa timu ya dziko amakhala ndi osewera masiku owerengeka masewero asanachitike, ndipo amalandira amuna aakulu kale, ambiri a zaka zopitirira 22. Angathe kusankha woyamba ndi wokhala pabenchi, angathe kukonza za makona ndi mafirikiki, angathe kuwauza poyima. Koma sangathe kuphunzitsa munthu wandevu kuyimitsa mpira pa sabata imodzi. Phazi lomwe silidaphunzire kulandira mpira mwini wake ali ndi zaka 10 silidzaphunzira ku Chiwembe kutatsala masiku anayi kuti tikumane ndi Senegal.

Kumbukirani usiku wa pa 25 January 2022 ku Yaoundé, pomwe tidakumana ndi Morocco mu ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa. Pa mphindi ya 7, Gabadinho Mhango adamwetsa chigoli chomwe dziko lonse lapansi lidachikamba. Ambiri amakumbukira mphamvu ya shoti ija ndi kutalika kwa mtunda. Ine ndimakumbukira chomwe chidachitika shoti isanachoke: Gaba adadzutsa mutu, n'kuona kuti goloboyi Yassine Bounou wachoka pamzere. Chigoli chija chidayambira m'maso. Kenako Morocco idatipanikiza mpaka mapeto. Goloboyi wathu Charles Thomu adatchinga mipira yambiri, koma chigawo choyamba chili pafupi kutha Youssef En-Nesyri adabweza ndi mutu, ndipo Achraf Hakimi adamaliza nkhani ndi firikiki.

En-Nesyri sadatuluke m'tchire. Adaleredwa ku Mohammed VI Football Academy mumzinda wa Salé, sukulu ya mpira yomwe idatulutsanso Nayef Aguerd ndi Azzedine Ounahi. Chaka chomwecho cha 2022 ku Qatar, En-Nesyri yemweyo adachinya Portugal ndi mutu, Morocco n'kukhala dziko loyamba la mu Africa kufika mu semifainolo ya chikho cha dziko lonse. Senegal, yomwe tidalepherana nayo 0-0 mu mpikisano wa Africa uja ndipo idakatenga chikho, ili ndi Génération Foot komwe adadutsa Sadio Mané ndi Ismaïla Sarr. Ife tidapita ndi mtima komanso luso lobadwa nalo. Anzathu adabwera ndi zonsezo kuphatikiza zaka zambiri za kuphunzitsidwa bwino ali ana.

Tsopano pitani pa bwalo la sukulu ya pulayimale m'dera lanu cha m'ma 4 koloko madzulo, mukaone mmene ana athu akuphunzirira. Mupeza ana oposa 30, mpira umodzi wothothoka zikopa, ndi kochi ali ndi wezulo pakhosi. Choyamba ndi kuzungulira bwalo, kakhumi kapena kuposa, mpira uli phee pansi pa phazi la kochi. Akatha apo amafola mzere umodzi wautali, aliyense kudikira nthawi yake yomenya shoti imodzi n'kubwerera kumbuyo. Mwana amene wayenda kuchokera kutali, mwina asanadye n'komwe, amatha ola lathunthu atakhudza mpira kosakwana kakhumi. Pomaliza amawagawa 11 uku 11 uku m'bwalo la akuluakulu, kamnyamata ka zaka 10 n'kuyima pagolo lotambalala mamita 7.32, lotalika mamita 2.44. Mpira ukafika kwa wotchinga kumbuyo, mawu ochokera kunja amakhala amodzi: "Chotsa! Chotsa!" Mwana akayesa njomba n'kulandidwa, amakalipiridwa pamaso pa anzake, mawa lake sayesanso.

Sindikunyoza makochi amenewa. Ambiri ndi anthu odzipereka omwe salandira kanthu, amagula mpira ndi ndalama ya m'thumba mwawo, amapepesa makolo kuti mwana aloledwe kubwera. Popanda iwo mpira wa ana ukadafa kalekale. Akuphunzitsa mmene iwowo adaphunzitsidwira, chifukwa palibe adawaonetsa njira ina.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ana omwewo akakhala okha, ndi mpira wachikulunga pakati pa nyumba, amachita zolondola kuposa pa thireningi. Amasewera atatu atatu kapena anayi anayi, magolo ndi miyala iwiri, malo ndi ochepa. Pamenepo mpira umabwera kwa mwana mphindi iliyonse. Alibe kothawira, ayenera kuganiza msanga, kuteteza mpira ndi thupi, kupeza mnzake pakampata kakang'ono. Zimene maiko otsogola pa mpira amalemba m'mabuku a makochi zokhudza masewero a anthu ochepa m'malo ochepa, ana a ku Ndirande, Kawale ndi Chibavi amazichita osauzidwa. Ntchito ya kochi ndi kutenga zimenezi n'kuwonjezerapo zomwe msewu suphunzitsa.

Msewu suphunzitsa phazi lamanzere. Mwana wa kumanja amazungulira mpira kuti ufike kuphazi lomwe amalikhulupirira, ndipo akapanda kukakamizidwa adzatero mpaka mu Super League, komwe sekondi yotayika ija ndi yokwanira kuti wotchinga afike. Mankhwala ake ndi otchipa: khoma, mpira, ndi lamulo loti lero chigoli cha phazi lofooka chiwerengedwa kawiri. Msewu suphunzitsanso kucheuka mpira usanafike. Onetsetsani osewera apakati a matimu akuluakulu a ku Ulaya: mpira uli kwa mnzawo, iwo mutu ukungotembenuka, kuona kumanzere, kuona kumbuyo. Mpira ukamafika amakhala atadziwa kale kopita nawo. Wathu amayamba walandira, kenako n'kudzutsa mutu, n'kupeza adani awiri ali pakhosi. Timati ndi wochedwa, pamene miyendo yake ili bwinobwino. Chachedwa ndi diso. Kochi angathe kuyima kumbuyo kwa mwana n'kukweza zala, mwanayo atchule nambala ya zalazo asanalandire mpira. Sizifuna ndalama, zimafuna munthu wodziwa kuti n'zofunika.

Ngakhale kalandiridwe kali ndi nzeru zake. Mwana aphunzire kuyima chammbali kuti aziona mpira ndi bwalo nthawi imodzi, alandire ndi phazi lakutali, ndipo kukhudza koyamba kupititse mpira komwe kulibe mdani, osati kuuyimitsa pansi pa mimba. Masewero aja oti anayi apange bwalo kupatsirana, mmodzi ali pakati kulanda, omwe Johan Cruyff adawakhazikitsa kwambiri ku Barcelona, amaphunzitsa zonsezi pamalo osakwana khonde la kalasi.

Za 4-3-3 ndi 3-5-2 zomwe timakonda kukangana zibwere pambuyo. Kwa mwana wa zaka 11, nzeru za masewero ndi mafunso ochepa: tili ndi mpira, nditambasuke kuti mnzanga andione; tataya mpira, woyandikira athamangire, ena atseke pakati; tili awiri mdani ali mmodzi, ndipatsire liti, ndidutse ndekha liti? Ndipo kochi wabwino amafunsa kuposa kulamula. "Unaona chiyani pamene unapatsira kuja?" Mwana wozolowera kuyankha funso limeneli adzatha kuganiza yekha m'bwalo la Bingu, momwe phokoso la ochemerera limameza mawu a kochi.

Chomwe chimaononga kwambiri ndi njala ya zikho. Mpikisano wa ana osapitirira zaka 14 ukalengezedwa ndipo pali ndalama, ena amakatenga anyamata a zaka 17 n'kuwameta bwinobwino. Timu imapambana, kochi amanyamulidwa m'mwamba, koma kamwana kaluso kochepa thupi katsala panja, ndipo ambiri otere amasiyiratu mpira. Uja wamkulu amapambana ndi thupi basi, ndiye saona chifukwa chophunzirira china; akadzakumana ndi amsinkhu wake amapezeka alibe kanthu. FIFA idayamba kuyeza mafupa a pamkono ndi makina a MRI pa mpikisano wa osapitirira zaka 17 mu 2009, choncho bodza lotere silipita patali. Kochi wa ana tizimuyeza ndi osewera omwe wawakweza patatha zaka zisanu, osati ndi zikho zomwe zili pa kabati.

Umboni woti kulera kumalipira tili nawo. Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma adakulira mu timu yachisodzera ya Bullets asanakwere mu timu yaikulu, ndipo mu 2024 adapita kukasewera ku DR Congo. Tabitha ndi Temwa Chawinga adachoka kuno ndi liwiro komanso njala ya zigoli, n'kukapsera ku Sweden ndi China. Tabitha adakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya Italy kenako ya France, ndipo Temwa adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya America mu 2024 ali ku Kansas City Current. Ku Rumphi komwe adachokera, ndi ku Nsanje, ndi ku Mchinji, kuli atsikana ndi anyamata ena otere omwe sadzakumana ndi mphunzitsi wodziwa ntchito.

Pano kochi akangopeza laisensi ya CAF B kapena A, maso amakhala ku Super League, chifukwa kumeneko n'komwe kuli malipiro ndi ulemu. Ana timawasiyira amene alibe pepala lililonse. M'mera mpoyamba, ndipo dongosolo ili liyenera kutembenuzidwa. A FAM, tengerani maphunziro a makochi oyambira m'maboma onse, ndipo aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale akhale oyamba kuitanidwa, pakuti ana ali nawo kale tsiku lililonse. Matimu a mu Super League akhale ndi matimu a ana enieni, ochita thireningi sabata iliyonse, okhala ndi kochi wolipidwa pamwezi, osati mayina ongolembedwa papepala pofuna laisensi. Osewera akale omwe akungokhala m'makwalala aphunzitsidwe, apatsidwe ana.

Ndipo inu a bizinesi ndi aphungu amene mumathira mamiliyoni pa bonanza ya masiku awiri, chaka chino patulaniko gawo. Lipirirani makochi asanu a m'dera lanu maphunziro, ndipo timu iliyonse ya ana muigulire mipira khumi ya saizi 4.